Zikang'a za Melifa

Neti yathu ili ndi zigamba zisanu ndi ziwiri,
zonse cha kumiyendo, mbali yogona iwe.
Udzudzu wa ku Chinamwali ukulidziwa khomo.
Usiku ukatembenuka ndimamva khwaa,
chidendene chako chikukangana ndi bulangeti,
m'mawa ulusi uli lende pa chikang'a.

Ndiye Loweruka, nditatsitsa kasitomala pa depoti,
ndinakhoma njinga n'kulowa mumsika waukulu,
kuseri kwa ogulitsa anyezi,
pa benchi ya magalasi, zipeso ndi mafuta am'mutu.
Mnyamata anati, "Ankolo, uyu ndi tupa wa mapazi,
mbali iyi yokhakhala, inayi yosalazira."
Ndinanenerera mpaka anatopa nane.
Ndinamubisa m'jekete ngati kalata yachibwenzi.

Unaseka mpaka kugwirira chitseko.
"Tupa? Ndasanduka chikwanje ine?
Mwala wa ku Likangala walakwanji,
umene unakwecha mayi anga moyo wawo wonse?"
Komabe unatereka madzi.
Komabe unakhala pakhonde, mapazi m'beseni,
kachidutswa ka sopo kakusungunuka pakati pa zala,
dzuwa likubisala kuseri kwa phiri
lomwe wakhala ukulitsika zaka khumi ndi zinayi,
mtolo wa nkhuni pamutu,
patapata m'manja kuopa kuti angaduke.

Ndinayala chiguduli pamiyendo panga,
ndinanyamula phazi lamanzere,
ndinalipukuta ndi chitenje chakutha.
Kulemera kwake sindinkakuyembekeza.
Ine wodziwa sipoko iliyonse ya njinga yanga
ndinali ndisanaliyang'anepo pafupi chonchi.
Mng'alu uwu ndi wa chaka chomwe tinagula malata.
Uwu, wakuya, wakuda m'kati,
ndi fizi ya Lonjezo ya folomu yachiwiri.
Koma uwu wa m'mbaliwu sunandiuzepo,
ndipo sindinafunse.

Kwe, kwe, kwe.
Khungu lakufa linayamba kuyoyoka ngati gaga.
Nkhuku ya aneba inabwera,
inapendeketsa mutu, inajompha kamodzi, n'kuchoka itakhumudwa.
Unakoka mwendo: "Mukundigirigisha inu!"
Kaseko kameneko ndinakamva komaliza
tikadali m'kachipinda ka lendi ku Chikanda,
tili ndi mphasa imodzi ndi wailesi yopanda mabatire.

Ana anasuzumira pampanda, anathamanga kukauza amayi awo.
Ndikudziwa, pa siteji anzanga akati
ndinadyetsedwa khuzumule.
Akanene.
Iwo sanagwirepo njira yonse ya ku Chawe m'manja awiri.

Ndinatengeka nazo.
Ndinkafuna kupala mpaka nditalipeza
phazi lija linavina pa chinkhoswe chathu ku Jali,
fumbi lili koboo, azakhali ako akululutira.
Ndinkati lilipo ndithu, pansi pa zaka zonsezi,
kungoti ndikanikize pang'ono.
Unandigwira pamkono.
"Basi pomwepo, bambo a Lonjezo.
Lolemba ndikukwera phiri.
Mukandisiya ndi phazi la khanda
miyala ikandidya ndisanafike pa mapaini.
Siyaniko chikopacho pang'ono.
Ndi nsapato yokhayo imene sinandithere."

Ndinatembenuza tupa, mbali yosalazira,
ndinangodutsitsa mopepuka, ngati wopepesa.
Kenako mafuta, chala chodzaza,
kulowetsa mumng'alu uliwonse, ngakhale uja wopanda dzina.
Ndinakuveka masokosi anga ampira,
obooka pa chala chachikulu,
unayenda nawo monyang'wa mpaka kuchipinda
ngati mkazi wa bwana wa ku boma.

Usiku umenewo kunali zii.
Bulangeti linagona mwamtendere, neti inapuma.
Ine tulo osabwera:
khutu linkadikira phokoso lomwe linazolowera.
Galu anauwa kutali, cha ku Matawale.
Ndinatembenuka kuti ndiyang'ane kukhoma,
ndiye khwaa!
Ulusi unaduka cha kumiyendo, mbali yanga.

Mumdima, osatsegula n'komwe maso,
unati, "Ndimadziwa ine kuti zigamba zina si zanga.
Tupa uja musamubise patali.
Mawa tikachoka ku tchalitchi, beseni ndi lanu."